Chitosi sitikwecha

Mneni wakuti "kukonza" akumeza anzake. Timakonza nsomba, timakonza m'nyumba, timakonza ulendo, ndipo chonsecho ndi Chichewa chabwino. Koma munthu akaima pagalaja ku Ndirande n'kuloza denga la Sienta yake, amvekere "Achimwene, mundikonzere penti wawonongekayu," sananene kanthu. Mmisiri ali ndi ufulu womva zimene zamukomera, ndipo chomukomera n'chakuti apale denga lonse n'kupopera penti wina. Mwina panangofunika polishi.

Chowononga pentiyo chili ndi dzina lake. Za ng'ombe ndi ndowe, za nkhuku ndi mbalame ndi zitosi. Anyamata ambiri otsuka magalimoto ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni atengera kutchula zitosi ndi liwu lija la kuchimbudzi, n'kungowonjezapo "a mbalame". Zimamveka, inde, koma liwulo sungalitulutse apongozi ali pompo, pamene "chitosi" unganene ngakhale pamsonkhano wa mpingo.

Dzina lapaderali lili ndi chifukwa. Mbalame siikodza padera. Zonse zimatulukira pamodzi. Choyera chija pachitosi ndiwo mkodzo wake, asidi wotchedwa uric acid, amene sasungunuka msanga m'madzi. Chakudacho ndi zotsala za chakudya: njere, timchenga, zikamba za tizilombo. Khwangwala wa mu Blantyre, wodya zapadzala ndi zapamsika, amasiya chitosi chachikulu chokhala ndi zokanda zambiri. Tsono penti wa galimoto za masiku ano ndi wosanjikiza: pansi pali woyambira wogwira chitsulo, pakati pali mtundu, pamwamba pali wonyezimira wopanda mtundu amene amisiri amangoti clear. Wapamwambayu ndi wopyapyala kuposa tsitsi limodzi. Dzuwa la Okutobala likawomba, amafewa n'kufutukuka, chitosi chili kuuma pamwamba pake. Usiku kukazizira amalimbanso, koma atatengera makwinya a chitosicho, asidi naye atalowerera. Kampani ya Ford inaulula mu 2020 kuti imapanga zitosi zabodza n'kuzipopera pa zitsulo zopentedwa, kenako n'kuziika mu uvuni pa madigiri 40, 50 ndi 60, kuti ione ngati penti angapirire. Denga la galimoto yakuda yoimikidwa padzuwa ku Machinjiri masana limafika pamenepo popanda uvuni.

Apa ndi pamene aneni athu amagwira ntchito. Pamene David Clement Scott wa ku Blantyre Mission ankatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, m'tauni muno munalibe galimoto ndi imodzi yomwe, koma makolo anali atasiyanitsa kale zochita za dzanja pa chinthu chakuda. Zovala timachapa, pofikisa. Mbale timatsuka, kenako n'kutsukuluza. Tebulo timapukuta. Poto wa nsima timakwecha, nsomba timapala mamba. Galimoto ili m'gulu la mbale: imatsukidwa. Wonena kuti "kachape galimoto" walakwitsa, ngakhale kulakwa kwakeko sikupweteka munthu.

Kopweteka n'kumene ndimamva kawirikawiri kwa eni magalimoto akaona chitosi chouma: "Iwe, takwecha apa!" Mnyamata womvera amatenga chiguduli chouma, chodzaza kale fumbi lofiira la m'misewu ya Bangwe, n'kukwechadi ndi mphamvu zake zonse. Wina amapala ndi chikhadabo. Timchenga tam'chitosi tija timayenda pa clear, ndipo pochoka chitosi pamatsala mizere yozungulira imene imaonekera bwino dzuwa likapendeka.

Mneni woyenera alipo, ndipo chinenero chimatipatsa chokha. Chitosi chimamata. Chomata timachimatula, monga chotseka timachitsekula. Viikani kansalu kofewa m'madzi, ofunda ngati alipo, mukayale pachitosi mphindi zisanu kapena khumi, chifewe, mukatero muchimatule monyamula, osakoka cham'mbali, n'kutsukuluza. Onaninso kuti choviikidwa ndi kansalu. Galimoto timainyowetsa, sitiiviika pokhapokha itagwera mu mtsinje wa Mudi.

Ena okonda Chichewa chakumudzi amandidzudzula kuti ndizinena "utoto" m'malo mwa "penti". Sindikangana nawo, koma penti anakhazikika kalekale, ndipo m'sitolo za ku Limbe mukafunsa utoto akhoza kukupatsani wonyikira nsalu.

Chitosi chikachoka m'pamene timaona chimene chatsala, ndipo chotsalacho chitchulidwe ndi dzina lake musanafunse mtengo. Ngati pangoderako koma chala chikudutsa bwinobwino, penti wathimbirira. Kuthimbirira n'kwapamwamba, polishi ndi kansalu zimakwana, mwini galimoto akhoza kuchita yekha pakhomo. Ngati chala chikumva kakhwawa, ndipo mawonekedwe a chitosi akuonekabe mutatsuka, penti wadyeka. Pamenepa pafunika mmisiri wa dzanja lofatsa, wosalaza ndi phala lopolishira lokhakhala pang'ono, kapena ndi sandipepa wonyowa wa nambala 2000 kapena 3000, kenako n'kuwalitsa. Ntchitoyi imachotsako clear, ndiye siibwerezedwa kambirimbiri malo amodzi. Ngati pali timing'alu, kapena wapamwamba uja wayamba kusupuka m'mphepete, polishi sathandizanso. Apo pokha ndi pamene mawu akuti "mupentenso" ali m'malo mwake, ndipo mupente msanga mvula ya Disembala isanalowetse dzimbiri.

Kufwifwa ndi nkhani ina. Magalimoto ambiri akale ochokera ku Japan amatuwa padenga ndi paboneti chifukwa cha zaka za padzuwa, mbalame zilibemo mlandu. Koma dzuwa lomwelo ndi limene limatithamangitsira pansi pa mango ndi jakaranda, pomwe akhwangwala ndi apumbwa amatera, ndipo amene amaweta nkhunda pakhomo safunikanso kuuzidwa.

Patsala liwu limodzi limene limayambitsa mikangano potsukira magalimoto. Mwini wake akaona mizere ija amakalipa kuti mbalame zamuwonongera penti, kapena kuti mnyamata ndi wosasamala. Mizereyo dzina lake ndi kukalika, ndipo chitosi chili phee pamalo ake sichikala penti. Chinakokedwa chouma ndi dzanja la munthu amene anatumidwa kukwecha, iye n'kukwecha monga anamvera.