Zithunzi Zitatu za Ulendo wa ku Mangochi

Mbiri yathu ina ili m'zithunzi zakale zimene tinazitsekera m'masutikesi. Kwathu tili nazo zitatu za ulendo umene makolo athu anayenda pa basi ya UTM m'ma 1980, kuchokera ku Limbe kukadyera Idi kumudzi ku Mangochi.

Choyamba anajambulitsa ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975. Chachiwiri n'cha pa Liwonde, pa Kamuzu Barrage yomwe inamangidwa pa mtsinje wa Shire mu 1965. Chachitatu n'cha pa boma la Mangochi, kale Fort Johnston, patsinde pa nsanja ya wotchi. Atachoka apo anawoloka Shire kulowera kwa Makanjira, dera limene mfumu yake inalowa Chisilamu cha m'ma 1870.

Koma mwa onse ali m'zithunzimo, atsala ndi agogo aakazi okha. Ndiwo akudziwa kuti wachikofiayu ndani, nanga Qur'an anaiphunzira kwa shehe uti. Choncho tikaswali Idi, tiyeni tikhale pamphasa ndi akuluakulu, tilembe mayina kuseri kwa zithunzi. Amene anatsogola, Allah awakhululukire.