Sophiatown ndi Kanema Wojambulidwa Mobisa

Pamene Hermann Tobiansky anagula malo kumadzulo kwa Johannesburg m'chaka cha 1897, nawatcha dzina la mkazi wake Sophia, mudzi umene unamera pamenepo unakhala umodzi wa malo owerengeka kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula nthaka ndi kumangapo nyumba yakeyake. Ndipo ufulu womwewu ndiwo unaitana tsoka, pakuti kuyambira pa 9 February 1955 apolisi anayamba kusamutsira anthu ku Meadowlands mokakamiza, nagwetsa nyumba zawo, kuti pamabwinjapo pamangidwe mudzi wa Azungu wotchedwa Triomf.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kugwetsako kuli m'kati, Lionel Rogosin wa ku America, atanamiza akuluakulu a boma kuti akujambula oimba a m'misewu, anaumba pamodzi ndi Bloke Modisane ndi Lewis Nkosi, alembi a magazini ya Drum, kanema wa Come Back, Africa, amene anaonetsedwa ku Venice mu 1959. Chotero zipupa zogumuka zimene woonera aziona kumbuyo kwa ana oimba zitoliro ndi zipupa zenizeni za anthu amene anali atangochotsedwa kumene.

Nkhani yake ndi ya Zachariah, Mzulu wothawa njala kwawo. Timuona poyamba pakati pa anthu a m'migodi, mumdima wandiweyani, momwe nkhope sizioneka koma tinyali ta pamphumi tokha, tondondozana. Ndipo ine ndiyesa kuti pamenepa Rogosin ananena zonse, kuti mwini mgodi amawerenga nyali, osati anthu. Amene agogo awo anapita ku Joni ndi Wenela sangaone mzerewo mtima uli m'malo. Atatuluka kumgodi, Zachariah alowa ntchito ya m'nyumba, nataya msuzi wa bowa umene anauyesa zotsukira mbale, nachotsedwa pambuyo pake. Ayesanso kugalaja ndi kuhotela, osakhalitsa.

Ambiri amati mdani m'kanemayu ndi Marumu, chigawenga chimene chinapha Vinah, mkazi wa Zachariah. Koma tifunse chimene chinatsegulira Marumu chitseko. Apolisi anagwira Zachariah usiku, atagona m'kachipinda ka mkazi wake wa iye mwini kuseri kwa nyumba ya Mzungu, chifukwa lamulo la chiphaso silinamlole kukhalamo; ndipo mwamunayo ali m'manja mwa boma, mkaziyo anatsala wopanda womtchinjiriza. Ngakhale Marumuyo sanasiyidwe wopanda womnenera, pakuti m'shabini ina ya ku Sophiatown, momwe Miriam Makeba anaimba nyimbo ziwiri, mlembi Can Themba anakhala nafotokozera anzake, kapu ili m'manja, m'mene umphawi ndi nkhanza za m'mudzimo zinamlerera munthuyo kuyambira ubwana wake.