Tanthauzo la mawu akuti "shuga"

Ambiri a kuno ku Mangochi akamva kuti uje ali ndi shuga, amayesa kuti mnzathuyo anachulutsa shuga wa m'tiyi, pamene mawuwa, amene tinabwereka ku Chingerezi, ndipo Angereziwo anawalandira kwa Afalansa atachokera kwa Aluya, akatchulidwa kuchipatala amanena za shuga wa m'magazi, amene thupi limapanga kuchokera ku nsima, mpunga ndi chinangwa chomwe. Kapamba akalephera kutulutsa insulini yokwanira, kapena thupi likaleka kuimvera, shugayo amaunjikana m'magazi, nawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi.

Taganizani za msodzi wa ku Makawa amene ludzu silimuchoka ngakhale amwe madzi kangati, amene amadzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi, akuwonda ngakhale amadya bwino, ndipo chilonda cha mbedza chakana kupola. Ameneyo asathamangire kunena kuti amulodza, koma apite ku chipatala cha Mangochi kapena ku Malindi akayezetse magazi, pakuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Nthendayi siichoka, koma woisamala ndi mankhwala, chakudya choyenera ndi ntchito yolimbitsa thupi amakalamba nayo.