Mafunso ndi Mayankho: Njinga zopepuka zokwerera mapiri zinayamba bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonza njinga kuno ku Zomba. Posachedwapa kunabwera mlendo kudzapopetsa matayala, akuti akukwera ku Chawe. Njinga yakeyo ndinainyamula ndi dzanja limodzi osamva kanthu. Kodi nzeru yopanga njinga zopepuka chonchi inayambira kuti, ndipo anaiyambitsa ndani?

YANKHO: Bambo, palibe munthu mmodzi amene tingamutchule kuti ndiye mwini wa nzeru imeneyi. Chinawakakamiza amisiri kuiganiza ndi mapiri a ku France ndi ku Italy. Mpikisano wa Tour de France unayamba mu 1903, ndipo anauyambitsa ndi eni nyuzipepala ya L'Auto, pofuna kuti nyuzi yawo izigulidwa kwambiri. Mu 1910 mkonzi wake, Henri Desgrange, analola kuti mpikisanowu ulowe m'mapiri akuluakulu a Pyrenees, kumalire a France ndi Spain. Tsiku limodzi lokha anthu anapalasa makilomita 326, kuchokera ku Luchon kukafika ku Bayonne, kudzera pa Tourmalet pomwe msewu umakwera mpaka mamita 2,115. Phula kunalibe, inali miyala ndi fumbi. Octave Lapize, amene anapambana chaka chimenecho, anachita kutsika n'kumakankha njinga, ndipo pa phiri la Aubisque anakalipira okonza mpikisanowo kuti ndi anthu opha anzawo. Chaka chotsatira anawonjezeranso phiri la Galibier ku Alps.

Kuchidikha chimene chimalimbana ndi wopalasa ndi mphepo. Pachitunda chotsetsereka kwambiri liwiro limatsika, mphepo imachepa mphamvu, ndiye chimatsala ndi kulemera kwa munthu ndi njinga yake. Opikisana anazimva zimenezi m'miyendo mwawo, n'kuyamba kuvutitsa amisiri kuti awachepetsere chitsulo.

Koma chitsulo chikachepa chimathyoka, ndipo inu monga mmisiri nkhani ya mu 1913 ikukhudzani. Eugène Christophe ankatsika Tourmalet ali ndi mwayi waukulu wopambana pamene foloko ya njinga yake inathyoka. Malamulo a nthawiyo sankalola kuti wina amuthandize. Anasenza njinga paphewa, natsika wapansi mpaka m'mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, napempha chipala kwa wosula zitsulo. Anawotcha chitsulo yekha, kusula yekha, oyang'anira mpikisano ataima pambali kumamupenyetsetsa. Manja onse awiri atatanganidwa, kamnyamata kena kanamupopera mvukuto, ndipo chifukwa cha chimenecho chokha anamulanga pomuwonjezera mphindi, ngakhale anali atataya kale maola. Mbiri yonse ya njinga zokwerera mapiri yagona pa funso limene amisiri anatsala nalo m'masiku amenewo: tichotsa pati chitsulo kuti njinga ipepuke koma isathyoke?

Yankho loyamba linali litapezeka kale ku Birmingham, ku England. Mu 1897 Alfred Reynolds analembetsa njira yopangira mapaipi okhuthala kumapeto, kumene amalumikizidwa ndi anzake, koma opyapyala pakati pomwe sipakhala katundu wambiri. Ukaliona kunja paipi limaoneka lofanana paliponse. Kusiyana kuli mkati. Mu 1935 kampani ya Reynolds inatulutsa mapaipi otchedwa 531, ndipo njinga zambiri zopambana mipikisano kwa zaka makumi angapo zinapangidwa ndi amenewa. Malimu nawo anasintha. Kale anali amtengo, koma mu 1934 Antonin Magne anapambana Tour de France ndi malimu a aluminiyamu a kampani ya Mavic, atawapenta kuti azioneka ngati amtengo chifukwa malamulo sankawalola.

Mafelemu a aluminiyamu anafala m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kenako kunabwera kaboni, ulusi wakuda wolimba kwambiri umene amauyala m'magawomagawo n'kuumata ndi guluu wapadera. Ubwino wake ndi woti wopanga amasankha yekha pomwe aunjike ulusi wambiri ndi pomwe auchepetse. Greg LeMond anapambana mu 1986 pa njinga ya Look yokhala ndi mapaipi a kaboni. Marco Pantani, katswiri wa mapiri wa ku Italy, anapambana mu 1998 pa Bianchi ya aluminiyamu, ndipo kuchokera pamenepo kaboni ndiye wakhala akulamulira. N'kutheka kuti imene munanyamulayo inali ya mtundu umenewu.

FUNSO: Nanga magiya? Mwana wanga akuti kale opikisana ankakwera mapiri opanda magiya. Ndi zoona?

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo sakunama. Wilo lakumbuyo linkakhala ndi mano mbali zonse ziwiri, ambiri mbali ina, ochepa mbali inayo. Akafika patsinde pa phiri, munthu ankatsika, kumasula manati, kutembenuza wilo, kubwezera tcheni, n'kukweranso. Zosinthira magiya zinalipo ndithu, ndipo Paul de Vivie wa ku Saint-Étienne ankazilimbikitsa kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, koma Desgrange ankaona kuti zimafewetsa mpikisano. Zinaloledwa kwa onse mu Tour de France mu 1937.

Ku Italy amasimba za Tullio Campagnolo kuti tsiku lina, pa phiri la Croce d'Aune, zala zake zinauma ndi chisanu moti analephera kumasula wilo. Iye ndi amene anatchuka ndi kachitsulo kamene mumangokatembenuza ndi dzanja wilo n'kumasuka popanda sipanala, ndipo mu 1933 anatsegula kampani yake ku Vicenza. Kwa ine, magiya ndiwo anathandiza okwera mapiri kuposa china chilichonse chimene tatchula m'nkhani ino, ngakhale amawonjezera kulemera pang'ono.

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Lamulo lotere analiikiranji, poti kupepuka n'kumene aliyense akufuna?

YANKHO: Lamuloli analikhazikitsa mu 2000 ndi bungwe la UCI, lomwe limayendetsa masewera a njinga padziko lonse kuchokera ku Aigle, ku Switzerland. Makilogalamu 6.8 sakwana n'komwe mapaketi asanu ndi awiri a shuga. Zifukwa zinali ziwiri zikuluzikulu: mantha akuti njinga zopepuka mopitirira zizithyokera anthu potsika mapiri ali pa liwiro, komanso kufuna kuti mpikisano ukhale wa miyendo, osati wa amene ali ndi ndalama zambiri.

Mantha amenewa anali ndi pochokera. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kunabuka chizolowezi choboola timabowo paliponse: pa zogwirira mabuleki, pa mano a kutsogolo, ngakhale pa mahandulo. Njinga imene Ernesto Colnago anapangira Eddy Merckx mu 1972, pamene anapalasa makilomita 49.431 pa ola limodzi ku Mexico City, inali yoboolaboola ndipo sinkakwana makilogalamu 6. Imeneyo inali ya m'bwalo losalala, yogwira ntchito ola limodzi. Anthu wamba anatengera, n'kumaboola njinga zoyendera tsiku ndi tsiku, ndipo zitsulo zinkathyoka.

Luso lapita patsogolo kusiya lamulo m'mbuyo. Lero felemu ya kaboni yosakwana kilogalamu imodzi si yodabwitsanso, ndipo mu 2014 kampani ya Trek inagulitsa njinga yathunthu ya Émonda yolemera pafupifupi makilogalamu 4.6. Panali nthawi imene amakaniko a matimu ankachita kubisa timiyala ta chitsulo m'kati mwa njinga kuti ikwane pa sikelo. Mabuleki a disiki, omwe analoledwa kotheratu mu 2018, abwezeretsa kulemera kwina, moti njinga zambiri za akatswiri tsopano zimaposa pang'ono malirewo.

Kumene lamuloli silifika ndi ku mipikisano ya zitunda ya ku Britain, yomwe imachitika makamaka mu Okutobala, ndipo ya dziko lonse inayamba mu 1944. Chitunda chimakhala chachifupi, cha mphindi zochepa, munthu aliyense amanyamuka payekha. Kumeneko ndiko mungaone njinga zomangidwa pakhomo: mahandulo odulidwa ndi sowo, opanda nsalu yokulunga, chishalo cha kaboni chopanda siponji, penti yopalidwa, mano amodzi okha kutsogolo. Zambiri zimalemera makilogalamu 5 kapena 6.

FUNSO: Ndikufuna kudzimangira njinga yangayanga yokwerera zitunda, koma ndalama ndi zochepa. Ndiyambire pati?

YANKHO: Achimwene, yambani ndi masamu musanagule kanthu. Tinene kuti inu mumalemera makilogalamu 70, njinga 10, zonse pamodzi 80. Mukachotsa kilogalamu imodzi mwachotsa gawo limodzi mwa magawo 80. Pa chitunda chimene mumakwera ola lathunthu, mwapindula masekondi osaposa 45. Kwa katswiri wa Tour de France masekondi amenewo ndi chikho, n'chifukwa chake matimu amataya ndalama zankhaninkhani. Kwa inu, botolo limodzi la madzi kapena loko wa tcheni amene mwaiwala kuchotsa akhoza kudya phindu lonselo. Ndiye choyamba n'kuchotsa zimene sizikugwira ntchito paphiri: kaliyala, sitandi, madigadi. Zimenezi zimatsitsa kulemera osalipira tambala.

Chachiwiri, werengani mano. Pezani mano 34 kutsogolo ndi 32 kapena 34 kumbuyo. Akafanana chonchi, mukapalasa kamodzi wilo limazungulira pafupifupi kamodzi, ndipo mumakwera muli chikhalire, mpweya uli bwino, m'malo moimirira n'kumakankha ndi thupi lonse mawondo akulira. Njinga ya makilogalamu 10 yokhala ndi giya yofewa imafika pamwamba mwini wake akadali ndi mphamvu, pomwe ya makilogalamu 7 ya giya yolimba imatsitsa munthu panjira. Ndalama ikatsalako, ipite ku matayala abwino ndi machubu opepuka, kenako mawilo. Pamenepo ndi pomwe kusintha kumamveka msanga ndipo mtengo wake ndi wofikirika kusiyana ndi felemu.

Pa felemu ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Kaboni wakaunjika ndi woopsa kugula mwachimbulimbuli. Chitsulo chikatopa chimapindika kapena kuonetsa mng'alu, ndipo wowotcherera akhoza kuchikonza. Kaboni amatha kusweka mkati penti ili bwinobwino kunja, sawotchereredwa, ndipo akathyoka amathyoka kamodzin'kamodzi. Yang'anitsitsani foloko, pozungulira mpando ndi pansi pomwe pamalowa zopalasira, muunike ndi tochi, mugogode pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo kumvetsera ngati pena pakumveka mosiyana. Mabawuti a pa kaboni samangidwa ndi mphamvu zonse. Opanga amalemba pambali pake mlingo woyenera, ndipo kupyola pamenepo n'kuphwanya paipi. Ngati simukudziwa kumene felemuyo yachokera, ya aluminiyamu kapena ya chitsulo chabwino chopyapyala ikutumikirani zaka zambiri m'misewu yathu ya maenjeyi.

Kuboola ndiye ayi. Musaboole foloko, mahandulo, zopalasira kapena chilichonse cha mabuleki, ndipo musachepetse masipoko pa wilo limene silinapangidwire zimenezo. Phiri lililonse limene mwakwera mudzalitsikanso pa liwiro, choncho musananyamuke onetsetsani kuti mabuleki onse awiri akugwira, zingwe zake n'zosadyeka, ndipo chipewa cholimba chili kumutu.