Dzina limene timapatsa mnzathu

Pa 4 Okutobala timakumbukira mgwirizano wa mtendere umene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasayina ku Roma mu 1992. Koma lilipo tsiku lina limene timaliiwala, la 10 Julayi 1990, ndipo ndilo limatiphunzitsa za lilime.

Ife amene tidakula m'nkhondo ya zaka 16 tikukumbuka mayina amene ankamveka. Pa wailesi ya boma, a Renamo anali "bandidos armados", kutanthauza zigawenga zamfuti. Nawonso a Renamo ankakana kuti boma la Frelimo ndi boma. Munthu ukamutcha chigawenga, sungakhale naye pamphasa imodzi. M'zaka zimenezo midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano ndi Mutarara idasanduka mabwinja, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi.

Maepiskopi athu sadabise kuti kupha anthu ndi tchimo, koma m'kalata yawo ya 1987 adapempha mbali zonse ziwiri kuti zikambirane. Ambiri adawanyoza chifukwa cha pempholi.

Mu Julayi 1990, Armando Guebuza wa boma ndi Raul Domingos wa Renamo adakumana kunyumba ya gulu la Sant'Egidio ku Roma. Pakati pa ankhoswe panali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira, ndi Bambo Matteo Zuppi. Adatsata langizo la Papa Yohane XXIII, loti tiyambe ndi zimene zimatigwirizanitsa. Pa 10 Julayi nthumwizo zidavomereza polemba kuti onsewo ndi ana a dziko limodzi, a banja limodzi la Mozambique. Mfuti sizidaleke tsiku lomwelo. Zokambirana zidatenga miyezi 27. Koma dzina litasintha, khomo lidatseguka.

Paulo Woyera, pa Aefeso 4:29, amatiletsa mawu owononga ndi kutilamula kulankhula zomanga mnzathu. Lamulo lachisanu ndi chitatu nalo limateteza mbiri ya munthu aliyense, ngakhale wachipani china.

Chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, mawu otentha adamvekanso, kuno ku Chimadzi monganso kwina: pamsika, m'chapa, ndi m'mafoni athu. Kudzudzula cholakwa ndi udindo wathu, ndipo tisachite mantha. Koma amene tatsutsana naye Loweruka ndi yemweyo tidzapatsana naye moni wa mtendere pa Misa Lamulungu. Ana athu akumvetsera dzina limene timamutcha tikafika kunyumba. Tisawaphunzitse mayina amene adatithawitsa m'midzi yathu.