Nkhuni za Chauncy Maples Zinkacokera Kuti?

Abale otsogolera makalasi, njanji inafika ku Lichinga m'caka ca 1969, mzindawo ukuchedwa Vila Cabral, koma sinatsikire kunyanja kuno. Sitima ya moto imene makolo athu anaidziwa inali ya pamadzi. Komabe kayendedwe kake n'kamodzi ndi ya pamtunda: moto uwiritsa madzi mumphika waukulu wacitsulo, nthunzi nikankha makina. Sitima yotere siyenda yokha. Ifuna madzi, ifuna nkhuni kapena malasha, ifunanso malo okonzerako zitsulo zikaonongeka.

Mishoni ya Anglican ya UMCA inali ndi sitima ziwiri zochuka. Yoyamba, Charles Janson, anailumikiza ku Matope pa mtsinje wa Shire, niyamba kuyandama mu 1885. Dzinalo linali la wansembe amene anamwalira m'mbali mwa nyanja yino mu 1882. Yaciwiri, Chauncy Maples, inapangidwa ku Glasgow mu 1899, nibwera zidutswazidutswa. Mphika wake wa matani 11 anthu anacita kuukoka pamtunda kulambalala mathithi a Shire, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Anaicha dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Inali sukulu, kacisi ndi cipatala pamodzi, ndipo Archdeacon W. P. Johnson ankayenda nayo kucokera ku Likoma kuyendera midzi ya gombe lathu, monga Cobue, Ngoo ndi Messumba.

Nanga inkadya ciani? Madzi sanali bvuto, pakuti inkayenda pamwamba pake. Malasha kunalibe. Motero moyo wake wonse unali pa nkhuni. Anthu ankadula mitengo kumapiri, kuiyanika, kuisenza pamutu kufikira pagombe, ndi kuiunjika m'milu kuti sitima ikafika isacedwe. Ikaima pakuya, nkhunizo zinkapita pa ngalawa. Pansi m'sitimamo, m'citungu cosaneneka, munali osonkha moto. Makina akabvuta ankapita nayo ku Malindi, pafupi ndi Mangochi, kumene mishoni inali ndi amisiri ake. Mulu wa nkhuni ukasowa, mphunzitsi, mankhwala ndi makalata sizikadafika m'mudzi wotsatira.

Maina a mabishopu analembedwa m'mabuku. Maina a odula ndi osenza nkhuni bwanji? Mishoni inagulitsa sitimayi mu 1953, ndipo mu 1967 anaikamo injini ya dizilo. Amene anaona utsi wake ali ana, lero ndi nkhalamba. Ambiri anabalalika ndi nkhondo, kuyambira 1964 kufikira mtendere wa 1992. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tikacedwa kuwafunsa, mbiriyi ipita nao kumanda.

Nayi nchito ya kalasi lanu. Tumani ophunzira awiriawiri kwa agogo a m'mudzi, akafunse motere: Sitima inkaima pati? Nkhuni zinkaunjikidwa pati? Inali mitengo yanji, ndipo inkadulidwa m'phiri liti? Ankasenza ndani, amuna kapena akazi? Malipiro anali ciani? Alembe dzina la wonena ndi mudzi wake. Awiri akasiyana mau, lembani zonse ziwiri, musasankhe yokoma.

Pambuyo pake umbani cifanizo ca malowo pabwalo: gombe la mcenga, sitima ya dongo, ngalawa za bango, timitengo m'malo mwa nkhuni, ndi njira yotsika kuphiri. Pa cinthu ciliconse wophunzira aike kapepala kolemba yekha: nkhuni, ngalawa, doko, phulusa. Itanani agogo aja adzaone. Mudzamva wina akuti, mulu uja sunali apo, unali pansi pa mlambe! Musakwiye, sunthani muluwo, ndipo mau akewo alowe m'kope la kalasi.

Zimene mwapeza mutumize ku magazini ino, mudzi ndi mudzi, kucokera ku Cobue kufikira ku Metangula. Amene anasonkha moto kuti kuwerenga kufike kwa ife ayenera kulembedwa ndi manja a adzukulu ao. Ambuye adalitse nchito yanu.