Mphepo ndi Mpweya, Chingwe ndi Nthambo

Nkhani ya makayiti opangira magetsi ikamakambidwa m'Chichewa, ambiri amapunthwa pa mawu oyamba omwe. Mumva wina akuti "magetsi ochokera ku mpweya wa m'mwamba." Ayi ndithu. Mpweya ndi umene timapuma, umene timapopera m'tayala. Ukayamba kuyenda n'kumagwedeza mitengo, imeneyo ndi mphepo, ndipo makinawa amadalira kuthamanga kwakeko: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza ka 8. N'chifukwa chake akatswiri akukweza makayiti ndi mapiko mamita mazana angapo m'mwamba, kumene mphepo imawomba kwambiri ndiponso mosadukizadukiza.

Cholakwa chachiwiri n'chobisika. Kunena kuti "kayiti ikupanga magetsi" si zoona nthawi zonse. Pa makina a kampani ya SkySails ya ku Hamburg, amene anaikidwa ku Mauritius mu 2021, ntchito ya kayiti n'kukoka basi. Imauluka mokhotakhota ngati ikulemba nambala 8, uku ikusolola chingwe chokulungidwa pa mgolo, ndipo mgolowo pozungulira ndi umene umayendetsa jenereta ili pansi. Chingwe chikafika pothera amaipendeketsa kayitiyo kuti mphepo isaigwire kwambiri, n'kuikokera pafupi pogwiritsa ntchito magetsi ochepa chabe, kenako iyambirenso. Apa mawu ake ndi "chingwe," pakuti magetsi sadutsamo.

Kampani ya Makani ya ku California, imene Google inagula mu 2013, inatsata njira ina. Lawo linali phiko lolimba ngati la ndege, lokhala ndi zopukusa 8, magetsi akupangidwira m'mwamba momwemo n'kutsikira pansi. Chimene chinkaligwira chinali chingwe, inde, koma m'kati mwake munali nthambo za magetsi, ndipo wolemba wosamala adzatchula zonse ziwiri. Analiyesa panyanja ku Norway mu 2019, ntchitoyo n'kutsekedwa mu 2020, choncho polemba za Makani tizinena "linkapanga," osati "likupanga."

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi mawu akuti "mapiko omangidwa." Kakhutu ka Mchewa kakamva zimenezo kamaona nkhuku yopita kumsika, yomangidwa mapiko kuti isathawe. Koma phikoli liyenera kuuluka, kuulukadi mwaliwiro, apo ayi palibe magetsi. Mneni woyenera ndi "kumangirira," monga timangirira chinthu ku china n'kuchisiyira mpata woyenda. Tilembe "mapiko omangiriridwa ku chingwe," ngakhale mawuwo atalike ndi kuvuta lilime la wowerenga nkhani pa wailesi.